Kambuku m'khwalala: mmene ojambula a ku India amaikira nyama zakutchire mumzinda

Mu October 2017 kambuku analowa m'fakitale ya galimoto ya Maruti Suzuki ku Manesar, kufupi ndi mzinda wa Gurugram. Ntchito inaima, ndipo panatha maola pafupifupi 36 asanamugwire. Chaka cha 2016, mu February, wina analowa pasukulu ina ku Bengaluru n'kuvulaza anthu 6 amene ankayesa kumugwira. Nkhani zoterezi ku India sizidabwitsanso, ndipo ojambula zithunzi za penti azitola kukhala mutu wa ntchito yawo. Zithunzi zake zachuluka m'magalare a ku Delhi ndi Mumbai, koma zambiri n'zofooka, ndipo kufooka kwake n'kumodzimodzi: nyama ya maso achisoni yaima kutsogolo kwa nyumba zosanja, kumwamba kuli utsi, basi. Chithunzi chotere chimakuuzani kuti wojambulayo ali ndi mtima wabwino, koma sichikuuzani kanthu za nyamayo kapena za mzindawo.

Zithunzi zogwira mtima zimachokera kwa anthu amene anayamba afunsa kuti nyama imeneyi ikutani pamenepa. Yankho silikhala limodzi. Pali nyama zimene zapanikizidwadi, monga nilgai, nyama yaikulu ya mtundu wa agwape imene imapezeka yaima pakati pa maziko a nyumba ku Gurugram chifukwa dzulo lake pamenepo panali thengo, kapena akambuku amene amagundidwa ndi galimoto pamsewu wa Gurugram kupita ku Faridabad, womwe unadula mapiri a Aravalli pakati. Pali zina zimene zinazimiririka mwakachetechete. Miimba inatsala pang'ono kutha kuyambira m'zaka za m'ma 1990 chifukwa chodya mitembo ya ng'ombe zobayidwa mankhwala a diclofenac, omwe boma linaletsa kubaya ziweto mu 2006. Mpheta zinachepa m'mizinda mpaka Delhi inaitcha mbalame ya boma lake mu 2012 pofuna kuti anthu aikumbukire. Ndiye pali zina zimene mzinda sunazithamangitse n'komwe. Mbalame za flamingo zinayamba kufika zambirimbiri m'matope a m'mbali mwa Mumbai cha m'ma 1990, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene akatswiri amatchula ndi ndere zomera m'madzi oipa otuluka mumzinda. Mu May 2024 ndege ya Emirates inawomba gulu la mbalamezi pamwamba pa Ghatkopar, pafupifupi 40 n'kugwera pamadenga ndi m'misewu. Wojambula amene angaike flamingo ngati mlendo wolandidwa malo waphonya nkhani, chifukwa mbalameyi inabwera kudzadya zotaya za mzinda, ndipo mzinda womwewo ndi umene ukuipha.

Kambuku wa ku Mumbai ndiye amasokoneza ojambula kuposa zonse. Nkhalango ya Sanjay Gandhi National Park, ya masikweya kilomita pafupifupi 100, ili m'kati mwa mzindawo, ndipo makamera otchera m'njira akhala akupeza akambuku oposa 40 m'menemo ndi m'dera loyandikana la Aarey. Malo ochepa chonchi sakanasunga akambuku ochuluka chotere pakanapanda agalu opanda mwini, nkhumba ndi makoswe odya m'madzala a m'mphepete mwa nkhalango. Kafukufuku wa Vidya Athreya ndi anzake m'dera la minda ya nzimbe ku Akole anapeza kuti chakudya cha akambuku kumeneko pafupifupi chonse chinali ziweto, galu ali patsogolo. Kambuku ameneyu si wosochera ayi. Amadziwa khwalala lililonse, amadziwa nthawi imene anthu amazimitsa magetsi, amayenda motsamira khoma. Zimene zimamusandutsa woopsa nthawi zambiri n'kumugwira ndi kukamutaya kwina. Ku Junnar, m'boma la Maharashtra momwe mulinso Mumbai ndi Akole, atayamba kusamutsa akambuku chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anthu ojiwa kapena kuvulazidwa anachuluka kuchoka pa 4 pachaka kufika pa 17. Amene amamva afisi akulira usiku m'kati mwa Lilongwe azindikira msanga mkhalidwe umenewu, wa chilombo chimene ndi nzika ya mumzinda osati wothawa kwawo.

Ndiye musanatsegule botolo la penti, sankhani kuti mwa nkhani zimenezi mukujambula iti. Kasankhidwe ka zipangizo kamatsatira pamenepo.

Nsalu m'malo mwa chikopa

Dzina limene limatchulidwa kwambiri pa mutu uwu ndi la Jagannath Panda, wobadwa mu 1970 ku Odisha, amene anaphunzira ku Bhubaneswar, ku Baroda ndi ku Royal College of Art ku London, ndipo amakhala ku Gurugram. Mzinda umenewu, womwe unkatchedwa Gurgaon mpaka 2016, unali wa minda ya tirigu ndi mpiru mpaka cha m'ma 1980, kenaka unadzaza nyumba zagalasi m'zaka zowerengeka. Panda amajambula agwape, mbuzi, mbalame, pikoko ndi njoka zili pakati pa simenti, zitsulo ndi mapaipi, koma chikopa cha nyamazo sachijambula ndi penti. Amamata nsalu yamaluwamaluwa yolukidwa ndi ulusi wonyezimira, ya mtundu umene umavalidwa pa ukwati kapena kukutira mipando ya m'nyumba za olemera. Nzeru yake ili pamenepo: nyama yavala chuma cha mzinda umene waidyera malo, ikuwala, ikukongola, koma yasanduka katundu wa m'nyumba. Palibe chifukwa choijambulira misozi.

Njira yomata nsalu pachinsalu cha kanivasi imaoneka yophweka, koma imawononga ntchito za anthu ambiri. Nawa masitepe amene amagwira kwa aliyense wofuna kuiyesa.

Felemu ikhale yolimba. Chithunzi chikapitirira mita imodzi mbali iliyonse, ikani mtanda wa thabwa kumbuyo, chifukwa guluu akamauma amakoka, ndipo felemu yopanda mtanda imapindika ngodya imodzi n'kudzuka pakhoma. Pakani gesso, penti woyera wa maziko, katatu. Koyamba muchepetseko ndi madzi pang'ono, gawo limodzi la madzi pa magawo asanu a gesso, kuti alowe mu ulusi. Kachiwiri pakani mopingasa, kachitatu mochoka pamwamba kutsika pansi, ndipo pakati pake muzikwecha ndi sandipepa wosalala.

Mzinda ujambuleni kaye, nyama ibwere pambuyo. Mukayamba ndi nsalu, penti wa makoma amadonthera pa iyo ndipo sachoka. Mizere yowongoka ya nyumba imafuna tepi, koma penti wa acrylic amakwawira pansi pa tepi n'kusiya m'mphepete mwa manyanomanyano. Mankhwala ake n'kupaka kaye medium, madzi okhuthala a acrylic opanda mtundu, osaoneka akauma, m'mphepete mwa tepiyo, kudikira aume, kenaka n'kupaka mtundu wanu. Chotsani tepi penti asanaumiretu. Mtundu wa simenti musautenge posakaniza wakuda ndi woyera okha, umatuluka wakufa ngati phulusa. Sakanizani buluu wa ultramarine ndi bulauni wa burnt umber, onjezani woyera, ndiye muzipendekera ku buluu pamalo a mthunzi ndi ku bulauni pamalo owala. Kumbukirani kuti acrylic akauma amada pang'ono, choncho sakanizani mowalirapo kuposa mmene mukufunira.

Pali chinthu china chimene chimasintha chithunzi chonse koma ochepa amachiganizira, ndicho msinkhu wa diso. Kambuku ndi wamtali masentimita 60 mpaka 70 paphewa. Mukaika mzere wa malekezero a maso pamsinkhu wa munthu woimirira, woonera amayang'ana nyamayo chotsika, ngati akuimvera chisoni. Mukautsitsa kufika pamsinkhu wa nyamayo, matayala a galimoto amakula, makoma amatalika, ngalande imakhala njira, ndipo woonera amalowa mumzinda mmene nyama imauonera.

Tsopano nsalu. Musaidule chidutswa chimodzi chofanana ndi thupi lonse, imaoneka ngati chomata cha ana a sukulu. Jambulani thupi papepala loonekera, ligaweni motsata minofu: khosi, phewa, nthiti, mimba, ntchafu, miyendo. Chigawo chilichonse chidulidwe maluwa a nsalu atapendekera kwake, kuti pamene zigawo zakumana maluwa asinthe njira. Kusinthako ndi kumene kumapatsa thupi kutukuka. Pamalo opindika, monga khosi ndi mchira, dulani nsalu mopendeketsa, osati motsata ulusi, chifukwa yodula chotero imatambasuka n'kulola kupinda popanda makwinya. Nsalu ya maluwa olukidwa imasosoka msanga, ndiye musanadule pakani kamzere kopyapyala ka medium kumbuyo, motsata pamene lumo lidutse, kaume, kenaka dulani pakati pa kamzereko.

Yesani kaye ngati nsaluyo imasuluka. Nyowetsani kansalu koyera, tsindirani pa iyo kwa mphindi imodzi. Kakatenga mtundu, makamaka wofiira, dziwani kuti guluu wonyowa adzautulutsa n'kuthimbiriritsa khoma lanu lonse lozungulira nyamayo. Nsalu ya thonje ichapeni ndi kuisita kaye kuti ifupikiretu. Ya silika yokhala ndi ulusi wonyezimira wotchedwa zari musaichape.

Za guluu, ambiri amathamangira guluu woyera wa akalipentala, amene ku India amangomutchula ndi dzina la malonda, Fevicol. Amagwira, ndi wotchipa, koma ali ndi zilema ziwiri. Akauma amalimba, moti chinsalu chikapindidwa amasweka. Ndiponso m'kupita kwa zaka amatulutsa asidi pang'onopang'ono, amene amadetsa ulusi wonyezimira ngati uli wa kopa kapena wa siliva. Ulusi wa zari ulipo wa mitundu itatu, weniweni wa siliva wokutidwa ndi golide, wachinyengo wa kopa, ndi wa pulasitiki. Wa pulasitiki okha ndi umene suchita dzimbiri. Gel medium wa acrylic ndi wodula, koma amakhala wofewa ndipo sadya zitsulo chotero. Mupake pakanivasi, osati pansalu, mochindikala pafupifupi milimita imodzi, mudikire mphindi imodzi kapena ziwiri kuti ayambe kunanda, ndiye yalani nsalu kuyambira pakati kupita m'mbali. Mukachulutsa, amabowola nsalu n'kutulukira pamwamba, ndipo pamenepo pamakhala banga lakuda losachoka. Mukachepetsa, m'mphepete mumadzuka ikangofika nyengo ya chinyezi. Gonekani chithunzi, ikani thabwa pansi pa kanivasi kuti isabonkhe, yalani pulasitiki pamwamba, tsindirani ndi mabuku kwa maola 24.

Mutu, maso, ziboda kapena zikhatho zijambuleni ndi penti, ndipo lolani penti alowerere pang'ono pansalu kuti pasaoneke msoko. Mthunzi wa pathupi muupange ndi penti wochepetsedwa kwambiri ndi glazing medium, gawo limodzi pa magawo asanu kapena kuposerapo, muzipaka kopyapyala kangapo. Madzi okha sayenera, amathamanga mu ulusi. Musaiwale mthunzi wa pansi pa mapazi, chifukwa nyama yopanda mthunziwu imayandama. Vanishi apite pa penti pokha. Akakhudza nsalu amaidetsa ndi kupha kunyezimira kumene munaifunira.

Kambuku akhale kambuku

Zolakwa za thupi la nyama zimachotsa chikhulupiriro cha woonera amene amaidziwa. Mawanga a kambuku m'nthiti ndi pamsana ndi timagulu ta madontho akuda tozungulira pakati pofiirira, ndipo pakatipo palibe dontho. Mukaika dontho pakati mwajambula jaguar wa ku America. Mukapanga madontho odzaza thupi lonse ndi mzere wakuda wotsika kuchokera m'diso mwajambula cheetah, amene ku India analengezedwa kuti anatha mu 1952 ndipo anabwezedwa kuchokera ku Namibia mu 2022, kunkhalango ya Kuno, osati m'mizinda. Kumutu, kumiyendo ndi kumimba kwa kambuku mawanga ndi odzaza, ang'onoang'ono kumaso, akuluakulu kumimba. Mwana wa diso ndi wozungulira, si wong'ambika ngati wa mphaka wapakhomo. Mchira ndi wautali kwambiri, ndipo poyenda umalendewera n'kupindikira m'mwamba kunsonga. Zikhadabo zimabisika poyenda, motero mapazi ake m'matope alibe zikhadabo, pamene a galu ali nazo. Kakusiyana aka kokha kangathe kunyamula chithunzi chonse: matope a pamalo omanga nyumba, mapazi a galu akupita, a kambuku akuwatsata, nyama yeniyeniyo osaioneka.

Ojambula ambiri amatengera zithunzi za makamera. Chodziwika kwambiri ndi cha Nayan Khanolkar, cha kambuku akudutsa m'kakhwalala pakati pa nyumba ku Aarey usiku, chimene chinapambana gawo la nyama za mumzinda pa mpikisano wa Wildlife Photographer of the Year mu 2016. Kuphunzirapo kayendedwe ndi kuwala n'kwabwino. Kuchikopera ndi penti n'kugulitsa ndi kuba, ndipo anthu a ntchitoyi amachizindikira pompo.

Oyera pa dothi lofiira

Anthu amene akhala ndi akambuku a ku Mumbai nthawi yaitali ndi a mtundu wa Warli, amene midzi yawo ili m'kati mwa nkhalango ija, ku Aarey, ndi kumpoto m'maboma a Thane ndi Palghar. Iwo amapembedza Waghoba, mulungu wooneka ngati kambuku kapena tiger, mnzake wamizeremizere, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2021 anawerenga tiakachisi take 150 m'dera limeneli. Nthawi zambiri kachisiyo ndi thabwa kapena mwala wosemedwa, wopakidwa utoto wofiira, woikidwa kumalire a mudzi. Chilombo chikagwira mbuzi, anthu amakapereka nsembe, ndipo nkhani imaweruzidwa ngati ya mnansi amene pangano lake linaphwanyidwa. Pamene mitengo yoposa 2,000 inadulidwa ku Aarey mu October 2019 kuti pamangidwe posungira sitima za metro, anthu a m'midzi imeneyi anali m'gulu la otsutsa, chifukwa malo a kambuku ndi awo ndi amodzi.

Kajambulidwe ka Warli kanali ka pakhoma la nyumba, kochitidwa ndi amayi okwatiwa pa nthawi ya ukwati. Jivya Soma Mashe, amene anabadwa mu 1934 n'kumwalira mu 2018, ndiye anakatengera papepala ndi pansalu m'zaka za m'ma 1970, n'kumajambula tsiku lililonse osadikira mwambo. Lero pali achinyamata monga abale awiri Mayur ndi Tushar Vayeda a ku Ganjad amene akupita nako kutali.

Maziko ake ndi dothi. Khoma limaziridwa ndi ndowe ndi dothi mmene amayi amazirira nyumba kumudzi, kenaka limapakidwa dothi lofiira lotchedwa geru. Pansalu ya thonje amachita zomwezo: ndowe zosefedwa bwino kapena geru, madzi, ndi guluu pang'ono, kupaka kawiri kapena katatu, kulikonse kuume kaye. Guluu akachepa, dothi limayoyoka mukapinda nsalu. Akachuluka, pamwamba pamaterera ndipo woyera sagwira. Utoto woyera wachikale ndi mpunga: kuuviika usiku wonse, kuupera pamwala mpaka usalale, kuusefa pansalu, n'kuthiramo madzi a utomoni wa mtengo. Utomoniwo umasungunulidwa padera, gawo limodzi pa magawo awiri a madzi, n'kugona usiku. Muyezo wabwino muupeze poyesa pakachidutswa: mzere ukauma, pukutani ndi chala. Ukatsalira pachala, utomoni wachepa. Ukanyezimira n'kuchita ming'alu, wachuluka. Phala la mpunga likakhala lonyowa limaoneka lotuwa, limayera likauma, ndiye osazolowera amabwereza mzere katatu n'kuupeza wanenepa. Limasasanso pakatha tsiku limodzi kapena awiri, ndipo mphemvu ndi njenjete zimalidya pakhoma. N'chifukwa chake zambiri zogulitsa masiku ano zimajambulidwa ndi penti woyera wa m'botolo. Burashi yachikale ndi kamtengo ka nsungwi kotafunidwa kunsonga.

Thupi la munthu kapena la nyama ndi tizithunzi tiwiri ta makona atatu tokhudzana kunsonga, mutu ndi kabwalo, miyendo ndi timizere. Kambuku amasiyana ndi galu chifukwa cha mchira wautali, madontho ndi kukula kwa mutu. Mphamvu ya kajambulidwe aka pa mutu wathu ndi yakuti kulibe pafupi ndi patali. Zonse zimayalidwa pabwalo limodzi, munda, mudzi, njanji, nyumba zosanja, kachisi wa Waghoba, ndipo palibe mzere wonena kuti apa pathera thengo, apa payamba mzinda. Kumeneko n'kunena zoona za Aarey kuposa zithunzi zambiri zodula za m'magalare. Chovuta chake ndi kudzaza. Ojambula ongoyamba amathira tianthu ndi timitengo paliponse mpaka kambuku amasowa. Siyani dothi losajambulidwa momuzungulira, la m'lifupi ngati thupi lake lomwe, ndipo diso lidzapita pa iye lokha.

Madontho a Gond

Ku Madhya Pradesh kuli kajambulidwe kena, ka anthu a Pardhan Gond, kamene kanadziwika kudzera mwa Jangarh Singh Shyam wa m'mudzi wa Patangarh. Wojambula wina, Jagdish Swaminathan, anamutengera kunyumba ya zaluso ya Bharat Bhavan ku Bhopal chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo Jangarh anamwalira ku Japan mu 2001 asanakwane zaka 40. Kachitidwe kake n'kotere: mzere wa kunja, kudzaza mtundu umodzi wosalala, kenaka kuyala madontho, timizere kapena timamba m'kati monse. Wojambula aliyense ali ndi kalembedwe kake ka timizereti, kamene kamagwira ntchito ngati siginecha, ndipo kutenga ka mnzako n'kulakwa kodziwika. Pakanivasi amagwiritsa acrylic ndi burashi yaing'ono kwambiri, ya nambala 0 kapena 00. Papepala amagwiritsa cholembera cha inki cha Rotring.

Zolakwa zake ndi za changu. Madontho oikidwa mtundu wa pansi usanaume amasungunukira m'menemo. Penti wa madontho akakhala wamadzi, dontho limatambalala pakati n'kuyera. Akhale wokhuthala moti aime yekha pansonga ya burashi. Cholembera cha inki chikayenda pa acrylic chimatsekeka msanga, ndiye chisiyireni pepala. Ndipo mizere ya madontho iyenera kutsata thupi, kuzungulira phewa, kutsika ndi mwendo, osati kungoyalidwa mowongoka.

Funso lokoma kwa wojambula wa Gond ndi lakuti nyumba ya simenti aipatse madontho kapena ayi, popeza madonthowo ndi amene amaonetsa kuti chinthu chili ndi moyo. Akaisiya yosalala, mzinda umakhala chinthu chakufa pakati pa zamoyo. Bhajju Shyam anasankha njira inayo. Atapita ku London kukajambula makoma a lesitilanti, anabwerako n'kujambula mzindawo ngati nyama, sitima yapansi panthaka ngati nyongolotsi, wotchi ya Big Ben yolumikizana ndi tambala, ndipo zithunzizo zinatuluka m'buku mu 2004. Kwa ine njira yachiwiriyi ndi yolemera kuposa yoyamba, chifukwa imavomereza kuti mzinda nawo ndi chilombo chimene chimadya ndi kukula.

Mukamagula za Warli kapena za Gond, funani dzina la wojambula pachithunzipo ndi mudzi wake. Zonse ziwiri zinalembetsedwa m'kaundula wa boma woteteza zinthu za dera, Warli mu 2014 ndi Gond mu 2023, komabe zosindikiza zopanda dzina zadzaza m'mahotela ndi pamalaya, eni luso osapezapo kanthu.

Burashi

Pali chinthu chochititsa manyazi pa ntchito imeneyi. Kwa zaka zambiri maburashi okondedwa ku India anali a ubweya wa nyenga, chifukwa ndi wolimba, umabwerera m'malo mwake ndipo umasongoka bwino. Nyenga ndi yotetezedwa ndi lamulo la nyama zakutchire la 1972, ndipo kupanga, kugulitsa kapena kusunga maburashi otere ndi mlandu. Nyenga imodzi imapereka ubweya wogwira ntchito wokwana magalamu 20 okha, kutanthauza nyama pafupifupi 50 pa kilogalamu. Mu October 2019 bungwe la Wildlife Crime Control Bureau linachita chipikisheni chotchedwa Operation Clean Art m'zigawo zingapo, n'kulanda maburashi oposa 50,000. Tauni ya Sherkot ku Uttar Pradesh, yodziwika ndi kupanga maburashi, imatchulidwa kawirikawiri pa milanduyi. Ubweya wa nyenga umadziwika ndi timagawo ta mitundu pa tsitsi limodzi, kotuwa, kwa bulauni, kwakuda kunsonga. Alipo maburashi a nayiloni opakidwa utoto kuti afanane nawo, ndipo kuwasiyanitsa n'kosavuta: kokani tsitsi limodzi, liotcheni. La nayiloni limasungunuka n'kupanga kampira kolimba, la nyama limapsa n'kununkha tsitsi. Pa acrylic nayiloni ndiyo yabwino kale, chifukwa pentiyu amawononga ubweya wachilengedwe msanga.

Chithunzi chikatha, mdani wake ndi chinyezi. Ku Mumbai mvula imagwa kuyambira June mpaka September, ndipo chinyezi cha mumpweya chikakhala pamwamba pa 65 peresenti kwa masiku angapo, chuku chimamera, kuyambira kumbuyo kwa kanivasi kumene munthu sayang'ana. Nsalu yomata, ndowe, mpunga ndi utomoni zonse ndi chakudya chake. Musakoloweke chithunzi pakhoma loyang'ana kunja limene limanyowa. Ikani timatabwa kumakona a kumbuyo kuti pakhale mpata wa masentimita awiri, mpweya uzidutsa. Musachikulunge m'pulasitiki kwa nthawi yaitali. Chuku chikaoneka, chiumitseni kaye pamthunzi pamalo opita mphepo, kenaka sesani ndi burashi youma. Kupukuta ndi nsalu yonyowa kumachilowetsa m'kati.

Potumiza kutali, chithunzi cha Gond cha acrylic chingathe kukulungidwa pa paipi ya masentimita 10 kapena kuposerapo m'mimba mwake, mbali ya penti ikuyang'ana kunja, chifukwa ikayang'ana m'kati penti amafinyika n'kusweka. Cha Warli cha dothi chikulungidwe momasuka, pepala lofewa lili pakati, ndipo chisapindidwe konse. Chomata nsalu chisachoke pafelemu yake. Chiyende m'bokosi la matabwa, choimirira, popanda kanthu kokhudza kumaso kwake.